Foni yati Sienta iyi ikhala zaka 8, kodi ndiikhulupirire?

Funso la owerenga

"Zikomo a katswiri. Ine ndine bambo wa ku Luchenza, ndangopuma kumene pa ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Kandalama kanga kopumira ndikufuna ndigulire Toyota Sienta yoti iziyenda takisi pakati pa Luchenza, Thyolo boma ndi Limbe. Ndapeza ziwiri. Yoyamba ndi ya 2012, mayileji akuwerenga 86,000, ili m'manja mwa dobadoba ku Limbe. Yachiwiri ndi ya 2010, yayenda makilomita 165,000, mwini wake ndi mayi wina wa ku Chitakale amene wakhala nayo chiitanitsireni ku Japan, ndipo malisiti a sevisi akusunga. Mwana wanga amene ali kusukulu ya ukachenjede analowetsa zonsezi mu pulogalamu ya pa foni, ija akuti AI. Yati yoyambayo ikhala zaka 8, yachiwiriyo zaka 3 basi. Iye akuti kompyuta sinama chifukwa inaphunzira pa magalimoto mamiliyoni. Mtima wanga ukukayika, koma sindifuna kuoneka wachikale pamaso pa mwana. Kodi makinawa angadziwedi nthawi imene galimoto idzathe?"

Yankho

Bambo, mwachita bwino kufunsa ndalama zidakali m'thumba. Ambiri amafika kugalaja atagula kale, galimoto ikukokedwa ndi chingwe, ndipo pamenepo uphungu umakhala utachepa mphamvu. Kukayika kwanuko si uchikale ayi. Mwana wanunso sakunena zamumutu: njira imeneyi ilipodi, ndipo makampani a ndege ndi a migodi amaidalira podziwa nthawi yosinthira zipangizo za makina awo zisanafe. Chofunika n'kuona kuti kompyutayo inaphunzirira kuti, ndiponso ngati zimene mwaiuza za magalimoto awiriwa ndi zoona.

Tiyambe ndi mmene zimagwirira ntchito. Pa njira imene amaitcha machine learning, munthu sakhala pansi n'kulembera kompyuta malamulo akuti galimoto ikafika makilomita akutiakuti ndiye yatha. Amangoithira mbiri ya magalimoto ochuluka zedi: mtundu wake, chaka, kukula kwa injini, mtunda umene inayenda, chimene chinawonongeka, ndi nthawi imene inasiya kuoneka pamsewu. Kompyutayo imasanthula yokha n'kupeza zinthu zimene zimayendera limodzi, monga kuti injini ya mtundu uwu ikapitirira mtunda wakuti imayamba kudya oyilo, kapena kuti magalimoto a chaka chakuti amavuta giyabokosi. Mukaibweretsera galimoto yanu, imaiika pagulu la zinzake zofanana nayo n'kukuuzani zimene zinachitikira gululo. Ili ngati makaniko wachikulire amene wagwira magalimoto osawerengeka ndipo saiwala ngakhale imodzi, kungoti ntchito yake yonse waigwirira ku London kapena ku Nagoya, matope ofiira a ku Thekerani a mu February sanawapondepo.

Mbiri imeneyi imachokera m'maiko amene amalemba zinthu. Ku Britain galimoto ikakwanitsa zaka 3 imayezedwa chaka chilichonse, mayeso aja amati MOT, ndipo zotsatira zake kuyambira 2005 boma linaziika poyera kuti aliyense wofuna afufuzepo. Mayileji a tsiku loyezedwa ndi chimene galimoto yalepherera, zonse zilimo. Ku Germany a TÜV, amene amayeza magalimoto kumeneko, amatulutsa lipoti chaka ndi chaka losonyeza mitundu imene imapezeka ndi zovuta kawirikawiri. Ku America kampani ya iSeeCars imawerengera, pogwiritsa ntchito magalimoto mamiliyoni, mitundu imene imakonda kufika mamailosi 250,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 400,000, ndipo pamwamba pa mndandanda wawo pamachuluka ma Toyota. Ntchito yonseyi ine ndimailemekeza. Koma Sienta yanuyo, ija nambala yake ya chasesi imayamba ndi NCP81, inapangidwira msika wa ku Japan kuyambira 2003 mpaka 2015, ndipo ku America kapena ku Germany sinkagulitsidwa yatsopano. Chimene mbiri ya kumeneko ingatiuzeko ndi cha injini yake, 1NZ-FE ya malita 1.5, chifukwa inaikidwanso mu Yaris ya ku America. Pamenepo nkhani ndi yabwino: ndi injini yolimba, ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, ndipo ikamalandira oyilo wabwino pa nthawi yake imayenda mtunda wautali kwambiri. Izi amakaniko a ku Limbe angakuuzeni popanda kompyuta.

Mwina mufunsa kuti nanga mbiri ya ku Japan komweko? Apa pali kanthu kamene ambiri sakaganizira. Galimoto ikakwera sitima kupita ku Dar es Salaam kapena ku Durban, imafufutidwa m'kaundula wa ku Japan, ndipo mbiri yake kumeneko imathera pomwepo. Inachoka ili yamoyo. Kompyuta yophunzira pa mbiri imeneyo sinaonepo mmene Sienta imafera itanyamula anthu, matumba a nthochi ndi nkhuku pa chitunda cha ku Bvumbwe. Akatswiri a masamu ali nazo njira zowerengera zinthu zimene zinasowa zisanafe, njira zomwe madokotala amagwiritsanso ntchito pofufuza moyo wa odwala kuyambira cha m'ma 1950, koma njira zimenezo zimadalira kuti osowawo anapitiriza moyo wofanana ndi otsala. Kwa galimoto yobwera kuno sizili choncho ngakhale pang'ono.

Ngakhale kutha kwa galimoto sikufanana m'maiko awiriwa. Ku Japan galimoto imayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo mayeso amenewa, omwe amati shaken, amadya ndalama zambiri. Ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakweranso. Ndiye munthu amaisiya ikadali bwinobwino chifukwa kuisunga kwadula. Kuno galimoto siitha choncho. Injini ikanoka timagula ina yogwirapo kale ntchito, bodi ikang'ambika timawotcherera, mpando ukatha timakasoketsa. Imatha tsiku limene mwini wake walephera kugula sipeya, n'kukhala pa miyala kuseri kwa nyumba. Mukukumbukira mmene mitengo ya masipeya inalumphira kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023? Magalimoto angapo amene ndinkawaona kugalaja anaima nthawi imeneyo, injini zili bwino, chovuta chili thumba la eni ake. Palibe pulogalamu ya kunja imene imawerengera zimenezo.

Tsopano pa yankho lenileni lija la zaka 8 ndi zaka 3. Pulogalamu yopangidwa mosamala sipereka nambala imodzi yokha chonchi. Imanena kuti mwa magalimoto 100 otere, ochuluka mwakuti amafika mtunda wakuti popanda vuto lalikulu, ena amapitirira, ena amagwa msanga. Imanena za gulu, ndipo yanuyo ikhoza kukhala kumapeto kulikonse kwa gululo. Ndiye mufunseni mwanayo kuti anagwiritsa ntchito pulogalamu yanji. Ngati ndi ija yocheza nayo, monga ChatGPT imene inatuluka kumapeto kwa 2022, dziwani kuti imeneyo luso lake ndi lolumikiza mawu bwino kuchokera pa zolemba zambirimbiri zimene inawerenga. Imadziwadi zambiri za magalimoto, koma mukaikakamiza kutchula nambala imatchula, ngakhale ilibe poyambira, ndipo imatchula molimba mtima. Yesani izi: mwanayo afunse funso lomwelo mawa, mawu atawasintha pang'ono. Musadabwe zaka 8 zija zikasanduka 6 kapena 10.

Ngakhale titati nambalayo ndi yolondola, zaka za ndani? Galimoto imatha ndi ntchito imene ikugwira. Tiyerekeze kuti pulogalamuyo ikuganiza za banja loyenda makilomita 10,000 pa chaka, kupita kuntchito, kutchalitchi ndi kumsika. Zaka 8 zikhala makilomita 80,000. Inu takisi yanu ikamayenda makilomita 200 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, masabata 50 pa chaka, ndi makilomita 60,000 chaka chimodzi. Zaka 8 zija zatha pa miyezi 16. Ndipo makilomita a takisi ndi olemera: kuima ndi kunyamuka pa siteji iliyonse, chitseko chotsetsereka chija kutsegulidwa kosaleka, injini kulira tsiku lonse podikira anthu kuti adzaze.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu ndi mayileji. Magalimoto awiriwa ndi a mtundu umodzi, injini imodzi, zaka zikusiyana ndi 2 zokha. Ndiye chimene chachititsa kompyuta kupatsa ina zaka 8 ina zaka 3 ndi nambala ya pa dashibodi basi. Pa zonse zimene mwailowetsera, nambala imeneyo ndi yosavuta kuinamiza kuposa ina iliyonse. Mayileji a magetsi aja amabwezedwa ndi laputopu nthawi yochepa chabe, kapena munthu amangosintha mita yonse n'kuikapo ya galimoto ina. Sindikunena kuti dobadoba wanuyo wachita zimenezo, ndipo Sienta ya 2012 yoyenda makilomita 86,000 ikhoza kupezeka ndithu chifukwa ku Japan anthu ambiri a m'mizinda amadalira sitima zapamtunda. Koma kompyuta ilibe njira yodziwira. Mukaiuza bodza imawerengera bodzalo mosamala kwambiri n'kukubwezerani ngati choonadi.

Mwamwayi nambala imeneyi ingatsimikizidwe, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mutayepo nthawi. Galimoto iliyonse yochokera ku Japan imabwera ndi chikalata chotchedwa export certificate, ndipo pa chikalatacho pamalembedwa mayileji amene anapezeka pa mayeso a shaken omaliza, pamodzi ndi masiku ake. Pemphani kope lake. Zaka zikalembedwa mwa kawerengedwe ka ku Japan musasokonezeke: za Heisei mumaphatikiza 1988, ndiye Heisei 24 ndi 2012, pamene za Reiwa mumaphatikiza 2018, ndiye Reiwa 3 ndi 2021. Ngati chikalata chikuti mu 2021 galimoto inali pa 110,000 koma lero ikuwerenga 86,000, nkhani yatha, tsanzikani. Palinso makampani a ku Japan amene mukawapatsa nambala ya chasesi pa intaneti, ndi kulipira pang'ono, amakutumizirani pepala la ku okushoni limene galimotoyo inagulitsidwira. Pepalalo limasonyeza mayileji, malo ophwanyika, ndi giredi: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yapakati, pamene R ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Mwana wanu angakuthandizeni zedi pamenepa, ndipo AI yomweyo ndi yaluso pomasulira Chijapani cha pa mapepalawa kuchokera pa chithunzi.

Galimoto nayonso imadzinenera yokha. Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane m'mbali mwake ndi kunsi kwa boneti, nthawi zambiri mumakhala timapepala tomata ta magalaja a ku Japan tolembedwa makilomita a tsiku losintha oyilo. Yang'anani labala wa pa pedulo ya buleki. Wa galimoto ya 86,000 amakhala akadali ndi mizere yake, koma akakhala wosalala mpaka chitsulo kuonekera pakona, ndiye kuti phazi lapondapo zaka zambiri. Chiwongolero chonyezimira pamene pamagwira dzanja, mpando wa dalaivala wophwa mbali yotsikira, lamba wa pampando wobwerera mwaulesi, zonsezi zimafotokoza mtunda. Kunsi kwa lamba yemweyo kuli kansalu kolembedwa chaka chimene anapangidwa, kakuthandizani kuona ngati 2012 ija ndi yoona.

Tibwere ku zimene zimapha Sienta kuno kwathu, zomwe mwanayo sanalowetse mu foni chifukwa panalibe pozilowetsa. Choyamba ndi giyabokosi. NCP81 ili ndi CVT, giyabokosi yopanda magiya a mano, yoyendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. Imasunga mafuta, n'chifukwa chake a takisi amaikonda, koma imadana ndi kutentha ndi katundu wopitirira muyezo. Galimotoyi inapangidwira anthu 7. Tonse tikudziwa chiwerengero chimene chimalowamo tsiku la msika ku Luchenza, ndipo kuchokera pamenepo kupita ku boma ndi kukwera kokhakokha. CVT ilinso ndi oyilo wakewake. Wina akathiramo ATF wamba, oyilo wa magiyabokosi ena a otomatiki, chifukwa ndi wotchipa, lamba amayamba kuterereka ndipo masiku ake amakhala owerengeka. Mwa ma Sienta amene ndawaona atakhala pansi, ambiri injini inali yamoyo, chimene chinagonja ndi giyabokosi.

Chachiwiri ndi madzi a mu radiyeta. Injini iyi ndi ya aluminiyamu. Anthu amathiramo madzi a pa mjigo m'malo mwa kulanti, m'kati mumachita dzimbiri, timapaipi timatsekeka, tsiku lina pa chitunda injini yawira. Ma Toyota ang'onoang'ono ambiri a zaka zimenezi alibe muvi wosonyeza kutentha, ali ndi kanyali chabe, ndipo kakamayaka kofiira zinthu zimakhala zitafika kale patali. Dalaivala wothamangira ndalama ya bwana amati ndingofika pa siteji, ndiye gasiketi yapsa, hedi yapindika. Kuwira kumodzi kokha kumafupikitsa moyo wa injini kuposa makilomita masauzande ambiri, ndipo sikusiya chizindikiro chilichonse pa mayileji.

Zina ndingozitchula mwachidule. Fumbi la chilimwe pa misewu ya m'maesiteti limafuna fyuluta ya mpweya yosinthidwa pafupipafupi. Oyilo wachinyengo wadzaza m'misika. Petulo wa m'zigubu, amene tonse tagulapo mafuta akasowa, nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala zopha pampu. Maenje amadya mashoki, mabushi ndi mabolojointi, ndipo Sienta ndi yotsika, imagunda pansi msanga. Kuno kulinso chinyezi cha chiperoni ndi mvula yambiri ya m'mphepete mwa phiri, ndiye galimoto imene inabwera kale ndi dzimbiri, makamaka yochokera kumpoto kwa Japan monga ku Hokkaido kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, imapitiriza kudyeka msanga.

Za mayi a ku Chitakale, muwafunse mwaulemu kumene galimoto inali nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023. Mulanje inakhudzidwa koopsa, Blantyre chimodzimodzi, ndiye funso lomweli likhudzanso ya ku Limbe ija ngati inali italowa kale m'dziko muno. Galimoto yomira m'madzi imatha kuyenda bwino miyezi ingapo kenako mawaya n'kuyamba kuvuta mosatha. Kwezani kapeti pansi pa mapazi, tsegulani pamene pamakhala tayala la sipeya, unikani ndi tochi njanji za mipando. Dothi louma m'makona obisika, mabawuti a mipando adzimbiri, mapulagi a mawaya obiriwira m'kati, ndi fungo la chinyezi losatha, mukaziona zimenezi musapitirize.

Kompyuta imene ndingakuuzeni kuti muidalire ndi imene ili m'galimoto momwemo. Kunsi kwa chiwongolero kuli soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD. Makaniko wa zamagetsi akalumikizapo makina ake amawerenga zimene injini yakhala ikudandaula. P0300 ikutanthauza kuti injini ikuphonya, P0171 kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya, P0420 kuti katalitiki, yoyeretsa utsi pa ekizozi, yafooka kapena inachotsedwa, zomwe zimachitika kawirikawiri chifukwa anthu amaigulitsa. Makina abwino amasonyezanso ngati wina wangofufuta kumene madandaulowa kuti galimoto ioneke yoyera, chifukwa zoyeza zina za m'kati zimakhala zisanamalize ntchito yake. Timakina totchipa ta Bluetooth tolumikiza ku foni timathandiza kuona kutentha kwa injini mukuyenda, koma ena mwa magalimoto a msika wa ku Japan satilandira, ndiye poyeza musanagule pitani kwa amene ali ndi makina enieni. Kusiyana kwake ndi pulogalamu ya mwana wanu n'kwakuti apa zimene zikuwerengedwa zikuchokera m'galimoto imene mukufuna kugulayo. Makampani a ndege aja kulosera kumawayendera bwino pa chifukwa chomwechi: injini iliyonse ili ndi masensa ambirimbiri otumiza uthenga ulendo uliwonse, ndipo sevisi iliyonse inalembedwa chiyambire.

Tsiku loyeza, fikani m'mawa galimoto isanalizidwe, ndipo mugwire boneti kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Wogulitsa amene watenthetseratu injini inu musanafike angakhale akubisa kuvuta kulira kapena utsi wa m'mawa. Tembenuzani kiyi osaliza: nyali zonse za pa dashibodi ziyake, kuphatikizapo ya injini, ya ABS ndi ya eyabagi, kenako zizime injini ikalira. Ina ikapanda kuyaka n'komwe, mwina babu lake linachotsedwa dala. Tsegulani chotsekera cha oyilo muunike m'kati. Chitsulo chikamaoneka chagolide kapena chofiirira pang'ono, oyilo ankasinthidwa. Phala lakuda lomatirira likunena za sevisi zodumphidwa, pamene thovu lotuwa likunena kuti madzi akulowa mu oyilo. Utsi wabuluu ku ekizozi ndi oyilo amene akupsa. Makaniko ayeze kompulesheni ya masilinda onse anayi, manambala ake asasiyane kwambiri.

Kenako yendani nayo, ndipo osati pa msewu wosalala wa m'tauni okha ayi. Kwezani anthu anayi kapena asanu mukakwere chitunda chenicheni. Ya ku Limbe mupite nayo cha ku Bvumbwe, ya ku Chitakale mupite nayo cha ku Likhubula kuti mumvenso mmene miyendo ikugundira. Ponyamuka CVT yabwino imakoka mosalala. Ikamanjenjemera, ikamachedwa kugwira mukaika pa D kapena pa R, ikamalira mluzu wokwera ndi liwiro, kapena injini ikamakuwa galimoto osawonjezera kuthamanga, giyabokosi imeneyo ili m'njira. Muyendetse kwa theka la ola kapena kupitirira kuti itenthe bwino, chifukwa zovuta zambiri za CVT zimabisala ikakhala yozizira.

Mukandifunsa maganizo anga ndisanazione, ndingayambe ndi ya mayi a ku Chitakale. Makilomita 165,000 pa injini ya 1NZ-FE yosamalidwa sandiopsa ine. Galimoto ya mwini mmodzi, amene mukudziwa kumene amakhala, amene ali ndi malisiti, ili ndi mbiri imene mungaiwerenge ndi kuifunsa mafunso. Santhulani malisitiwo. Oyilo ankasinthidwa pa makilomita angati? Oyilo wa CVT anasinthidwapo, ndipo anathira wanji? Radiyeta kapena pampu ya madzi inasinthidwa liti, ndipo chifukwa chiyani? Makilomita olembedwa pa malisiti akukwera mwadongosolo? Komabe kumbukirani kuti imeneyi yakhala zaka pa misewu yathu, ndiye miyendo yake ikhoza kufuna ndalama msanga, ndipo giyabokosi ikanjenjemera malisiti sangaipulumutse. Ya ku Limbe ija, mapepala a ku Japan akatsimikiza 86,000 ndipo makaniko akaivomereza, ndi galimoto yabwino kuposa inzakeyo, kompyuta ikhala kuti inalondola. Dobadoba akayamba kuzemba za mapepala, kapena kukufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana, musiyeni wina uja agule.

Pali malo atatu pamene simuyenera kudzidalira nokha. Makaniko woyeza akhale wanu, womulipira inu, osati wobwera ndi wogulitsa, ndipo ngati n'kotheka akhale wozolowera ma CVT. Ndalama ya tsiku limodzi ya makaniko ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi giyabokosi. Za umwini, pitani limodzi ndi mwini galimoto ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre mukatsimikize kuti dzina la pa blue book, nambala ya chasesi yodindidwa pa bodi ndi zimene zili mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa ofesiyo, zikugwirizana, ndiponso kuti msonkho wa MRA unalipiridwa. Ndalama zonse musapereke kusintha kwa umwini kusanayambike. Muli komweko funsani zimene zikufunika kuti galimoto inyamule anthu olipira, ziphaso zake, COF yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshuwalansi yoyenera, chifukwa inshuwalansi ya galimoto ya banja siikutetezani ngozi ikachitika mutanyamula pasenjala.

Kandalama kopumirako musakathere konse pogula. Siyani gawo lokwanira kugula giyabokosi ina yogwirapo kale ntchito ndi matayala anayi, mtengo wake mufunsiretu kwa ogulitsa masipeya ku Limbe musanapange chisankho. Ngati kugula ya 2012 kukutanthauza kutsala opanda kanthu, pamene ya 2010 ikusiyirani kena kake, chimenecho chokha chingakhale chifukwa chokwanira chosankhira yachiwiriyo. Vuto loyamba likadzagwa mulibe chosungira, mudzathamangira ku katapila, ndipo takisi yambiri imasintha eni ake pa njira imeneyo. Ganiziraninso za amene adzayendetse. Dalaivala womupatsa chiwerengero cha ndalama choti abweretse madzulo alionse amadzaza mopitirira ndi kuthamanga kuti apezepo yake. Mukamulipira mwanjira yoti asapindule ndi kudzaza, mwawonjezera moyo wa giyabokosi.

Mwana wanuyo mumupatse ntchito yeniyeni. Agule kope, kapena atsegule tebulo mu foni, azilemba tsiku lililonse makilomita, malita a petulo, oyilo wowonjezera, chilichonse chosinthidwa ndi mtengo wake. Pakatha miyezi ingapo mudzayamba kuona nokha: petulo akayamba kuchuluka pa mtunda womwewo, kapena oyilo akayamba kutsika msanga pakati pa sevisi, ndiye kuti chinachake chayamba, ndipo mudzapita kugalaja galimoto ikuyenda yokha. Ngati ali ndi chidwi ndi za AI, apa ndi pamene pali mpata. Yunivesite ya MUST ili konkuno ku Thyolo ndipo mu 2023 inatsegula likulu la maphunziro a AI. Chimene chikusowa ndi mbiri ya magalimoto athu, chifukwa magalaja ambiri salemba, zonse zili m'mitu ya amakaniko. Wophunzira amene angasonkhanitse makope otere kwa eni takisi a pa siteji ya Luchenza, Chonde ndi Limbuli kwa zaka zingapo angapange pulogalamu yodziwa Sienta ya pa msewu wa M2. Pakadali pano yambani ndi export certificate ya ku Limbe ija, ndipo mukaipeza mwanayo aijambule bwino mbali ya mayileji ndi masiku ake musanaitane makaniko.